Marimu a galimoto ya mabowo osowa: njira zimene mwini galimoto wa ku Thyolo ndi ku Mulanje angasankhepo

Munthu amene ali ndi Probox, Passo kapena Hilux akaphwanya rimu pa dzenje la pakati pa Bvumbwe ndi Thyolo, chimene chimamupweteka ndi ndalama yokha, pakuti rimu ina aipeza tsiku lomwelo ku Limbe kapena ku Ndirande, mwinanso pa galaja ya pafupi ndi kwawo. Koma mwini Navara, Amarok, Jimny, Peugeot kapena Land Rover Defender akagwa m'dzenje lomwelo, amayamba ulendo wozungulira masitolo ndi rimu yosweka m'manja, ndipo wogulitsa aliyense amaiyang'ana, kuwerenga mabowo ake, n'kupukusa mutu. Nkhani ino ndi ya anthu a gulu lachiwirili, kaya rimu yawo yasweka kapena angofuna kusintha maonekedwe a galimoto.

Zoyenera kuyeza musanatulutse ndalama

Choyamba ndi kakhalidwe ka mabowo, kamene ogulitsa amakatcha PCD. Amakalemba ndi manambala awiri, monga 5x114.3, kutanthauza kuti rimuyo ili ndi mabowo 5, ndipo mzere wozungulira wodutsa pakati pa mabowo onsewo ndi wotambalala mamilimita 114.3. Popeza galimoto zambiri za kuno n'zochokera ku Japan, marimu amene ali mbwee pa msika ndi a 4x100, 5x100, 5x114.3 ndi 6x139.7. Muyeso wina uliwonse umayamba kuvuta. Nissan Navara ya D40, imene inatuluka mu 2005, ndi D23 imene inabwera pambuyo pake, zili ndi 6x114.3, pamene Hardbody ya kampani yomweyo ili ndi 6x139.7, ndipo anthu ambiri agula marimu olakwika chifukwa chongowerenga kuti mabowo ndi 6 ndiponso kuti galimoto zonse ndi Nissan. Amarok yoyamba ili ndi 5x120, Jimny ili ndi 5x139.7, Land Cruiser 100 ndi 200 zili ndi 5x150, Defender yakale ili ndi 5x165.1, Ford Fiesta ndi Peugeot 206 zili ndi 4x108, Fiat zambiri zazing'ono zili ndi 4x98, ndipo Mercedes-Benz, Audi ndi Volkswagen zambiri zili ndi 5x112.

Kuyeza rimu ya mabowo 4 kapena 6 n'kosavuta, chifukwa mumangoyeza kuchoka pakati pa bowo limodzi kufika pakati pa bowo loyang'anizana nalo. Ya mabowo 5 ndi imene imasokoneza, popeza palibe bowo loyang'anizana ndi linzake. Pamenepo yezani pakati pa mabowo awiri oyandikana, ndipo nambalayo muichulukitse ndi 1.701. Mukapeza mamilimita 65.8 ndiye kuti ndi 5x112, mukapeza 67.2 ndi 5x114.3, mukapeza 70.5 ndi 5x120. Onani mmene manambala awiri oyambawo ayandikirana. Tepi ya telala kapena ya mmisiri wa matabwa singawasiyanitse bwino, choncho bwerekani vernier, kachipangizo koyezera mamilimita molondola, kwa makaniko, kapena fufuzani muyesowo pogwiritsa ntchito nambala ya chesisi ya galimoto yanu.

Chachiwiri, chimene ambiri amachiiwala, ndi bowo lalikulu la pakati, limene limakhala pa mlomo wa habu, chitsulo cha galimoto chimene wilo limamangidwapo. Rimu ya Ford Ranger ili ndi mabowo ofanana ndi a Hilux, koma bowo lake la pakati ndi mamilimita 93.1 pamene habu ya Hilux imafuna 106.1, ndiye siilowa ngakhale mutaimenya ndi hamala. Chimodzimodzinso rimu ya Fiesta, ya 63.4, siikhala pa Peugeot imene imafuna 65.1. Bowo likakula kuposa habu, vutolo limatha ndi kamkombero ka pulasitiki kapena ka aluminiyamu kotsekera mpatawo. Likachepa, pamafunika makina osemera zitsulo.

Chachitatu ndi offset, imene imalembedwa kumbuyo kwa rimu ndi zilembo ET, mwachitsanzo 7Jx16 ET45. Nambala yotsatira zilembo ET imanena mmene rimu ilowere mkati kapena itulukire kunja. Ikakwera kwambiri tayala limakhula zitsulo za mkati kapena rimu imagunda buleki, ikatsika kwambiri tayala limatuluka kunja kwa madigadi. Chachinayi ndi manati kapena mabawuti. Toyota zambiri zili ndi mazinga a M12x1.5 pamene Nissan, Subaru ndi Suzuki zambiri zili ndi M12x1.25, ndipo kumutu kwa nati kumasiyananso: marimu ambiri ogula padera amafuna nati yosongoka, marimu a fakitale a Volkswagen, Mercedes-Benz ndi Honda amafuna yobulungira, pamene a aluminiyamu a fakitale a Toyota amafuna yafulati ya washa. Chomaliza ndi kulemera kumene rimuyo inapangidwira kunyamula, nkhani yaikulu kwa aliyense amene amakweza nthochi ku Thekerani kapena nanazi ku Mulanje.

Njira iliyonse m'munsimu ndaiyeza pa zinthu zinayi, zomwe ndi mtengo, kupezeka, chisamaliro ndi zoopsa zake. Pa kupezeka sindikungofunsa ngati marimu anayi angapezeke lero, komanso ngati rimu imodzi yofanana nawo idzapezeke chaka chamawa ina ikadzasweka, chifukwa pa misewu yathu, makamaka chiwonongekereni milatho ndi misewu ndi namondwe wa Freddy mu 2023, funso limenelo silichedwa kufika.

Njira yoyamba: marimu a fakitale ogwiritsidwapo kale ntchito

Awa ndi marimu ochotsedwa pa galimoto ya mtundu wanu womwewo, kapena pa ina yogawana nayo muyeso, imene inachita ngozi kapena inafa injini.

Mtengo wake kawirikawiri ndi wotsika kuposa njira zina zonse zodalirika, ndipo mumalipira m'makwacha osavutika ndi ndalama zakunja. Komabe wogulitsa akazindikira kuti mwazungulira Limbe yense ndipo ndi iye yekha amene ali nayo, mtengo umakwera pomwepo. N'chifukwa chake ndi bwino kutuma makaniko wanu kuti akafunse ngati akungocheza, m'malo mofika nokha pa galimoto yoyenda ndi tayala la sipeya.

Kupezeka kwake kumadalira kudziwa abale a galimoto yanu. Navara D40 imagawana 6x114.3 ndi Pathfinder R51. Defender yakale imagawana 5x165.1 ndi Land Rover zakale za Series, Discovery yoyamba ndi Range Rover Classic, koma osati Discovery 2, imene inasamukira ku 5x120. Amarok yoyamba imagawana muyeso ndi bowo la pakati la 65.1 ndi Volkswagen Transporter T5. Jimny imagawana 5x139.7 ndi Escudo zakale, ngakhale kuti pamenepo muyenera kuonetsetsa offset ndi mpata wa buleki. Rimu ya Mercedes-Benz, ya bowo la 66.6, imatha kukhala pa Volkswagen ya 57.1 mukaikapo kamkombero, koma ya Volkswagen siikhala pa Mercedes-Benz. Kwathu kuno kuli mwayi umodzi umene a m'tauni alibe: m'maesiteti a tiyi, m'mamishoni ndi m'mabungwe muli galimoto zimene zinaima kalekale, ndipo zikagulitsidwa pa okushoni, amene azigula nthawi zambiri amaziphwasula. Kufunsa amakaniko a pa Luchenza, pa Chitakale ndi pa boma la Thyolo kumathandiza kuposa mmene anthu amaganizira. Amene ali kufupi ndi Muloza angafunsenso tsidya linalo ku Milange, pokumbukira kuti katundu wolowa m'dziko amayenera kudutsa pa kasitomu.

Chisamaliro chake n'chochepa, popeza manati anu akale amagwira ntchito, sipeya yanu imafanana ndi mawilo ena, ndipo galaja iliyonse imadziwa chochita.

Zoopsa zake zili pa mbiri ya rimuyo, imene wogulitsa sangakuuzeni. Rimu yopakidwa penti yatsopano ndi yoyenera kuikayikira kuposa yothimbirira, chifukwa penti imabisa mng'alu ndi malo owotcherera. Itembenuzeni, mupukute matope a kumbuyo, muyang'ane m'mphepete mwa mkati ndi mozungulira mabowo a manati. Bowo limene lasanduka ngati dzira likusonyeza kuti rimuyo inayendapo ndi manati okhwefuka. Musanalipire, pemphani kuti aizunguze yopanda tayala pa makina a balansi, pakuti kupindika kumene maso sakuona kumaonekera pamenepo. Pa 5x120 pali msampha wina: marimu a BMW yaing'ono amalowa pa mabawuti a Amarok, koma sanapangidwire kulemera kwa pikapu yodzaza katundu.

Njira yachiwiri: kuitanitsa marimu atsopano a muyeso weniweni kuchokera kunja

Pa mtengo, iyi ndi njira yolemetsa. Kuwonjezera pa mtengo wa marimuwo, mulipira zonyamulira, msonkho wa MRA pa chipata, ndiponso mwina wokuthandizani kuwombola katunduyo. Rimu imodzi ya aluminiyamu ya mainchesi 16 kapena 17 imalemera makilogalamu pafupifupi 10, choncho kukweza anayi pa ndege kumadya ndalama zambiri. A pa msewu kuchokera ku Johannesburg kudzera pa Mwanza, kapena a pa sitima ya pamadzi odzera ku Dar es Salaam kapena ku Beira, amatsikirapo koma amachedwa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, zonse zogula ndi randi kapena dola zinakwera, ndipo kupeza ndalama zakunja kubanki ndi ntchito payokha.

Kupezeka kwake n'kwabwino ngati mukudziwa kumene galimoto yanu ndi yofala. Navara, Amarok, Jimny, Land Cruiser ndi galimoto za ku Germany zili zambiri ku South Africa, ndiye marimu ake ali m'masitolo. Za Jimny zilinso zochuluka ku Japan. Za Peugeot, Fiat ndi Opel zimapezeka mosavuta ku Ulaya. Potumiza uthenga kwa wogulitsa musangotchula dzina la galimoto, koma lembani manambala onse, kutanthauza PCD, bowo la pakati, offset, kutambalala ndi kulemera kumene rimu inganyamule, ndipo mumupemphe chithunzi cha zolembedwa kumbuyo kwa rimuyo. Chithunzi cha kumaso kwake n'chokongola koma sichinena kanthu.

Chisamaliro chake chimadalira zimene mwasankha. Apa ndiyenera kunena maganizo anga mosabisa: kukweza kukula kwa rimu, kuchoka pa mainchesi 16 kupita pa 18 kapena 20, ndi chisankho cha munthu amene galimoto yake siichoka pa phula. Rimu ikakula, khoma la tayala limafupika, ndipo khoma limenelo ndi limene limalandira nkhonya ya dzenje rimu isanailandire. Pa msewu wa fumbi wolowa m'minda ya tiyi nthawi ya dzinja, tayala la khoma lalitali ndi limene limateteza ndalama zanu. Matayala a miyeso yachilendo nawonso sapezeka pa Limbuli. Gulaninso manati ogwirizana ndi marimu atsopanowo, ndipo musunge akale ochepa m'galimoto chifukwa sipeya yanu ikhoza kufuna akalewo.

Zoopsa zake ndi ziwiri. Choyamba ndi kulakwitsa muyeso, pakuti kubweza katundu ku Johannesburg kapena ku Japan kumafuna ndalama zofanana ndi kugulanso. Chachiwiri ndi marimu otengera maonekedwe a makampani otchuka koma opangidwa mwachinyengo, amene amasweka pomwe rimu yabwino ikanangopindika. Zizindikiro za JWL ndi VIA zimasonyeza kuti rimu inatsata miyeso ya ku Japan, ndipo JWL-T ndi ya galimoto zonyamula katundu, koma opanga zachinyengo amasindikizanso zilembo zomwezo, ndiye dzina la sitolo imene mukugulako ndi lofunika kuposa chidindo. Ngati thumba likulola, itanitsani asanu osati anayi, chifukwa mtundu umene uli m'sitolo chaka chino mwina sudzakhalamo chaka chamawa.

Njira yachitatu: marimu a mabowo ambiri

Awa ndi aja ali ndi mabowo 8 kapena 10, opangidwa kuti alowe pa miyeso iwiri. Mtengo wake ndi wapakati, ndipo amapezeka m'masitolo a matayala ku Blantyre, koma miyeso imene amaphatikiza kawirikawiri ndi yofala kale, monga 4x100 ndi 4x114.3, kapena 5x100 ndi 5x114.3. Amathandiza mwini Nissan Tiida kapena NV200 ya 4x114.3, ndipo nthawi zina mungakumane ndi ophatikiza 4x100 ndi 4x108, koma mwini Navara kapena Defender asataye nawo nthawi. Bowo lawo la pakati limakhala lalikulu dala, choncho timikombero tija n'tofunika, ndipo timatayika mosavuta pa galaja pamene akusintha tayala. Chiwongolero chikayamba kunjenjemera mutangochoka kokonzetsa tayala, yambani mwayang'ana pamenepo. Opangidwa bwino alibe vuto pa galimoto yaing'ono, koma mabowo awo ndi opanikiza moti sipanala ya m'galimoto nthawi zina siilowa, zimene ndi bwino kuzidziwa muli pa sitolo osati usiku pa msewu wa Midima.

Njira yachinayi: maadaputala

Adaputala ndi chitsulo chozungulira chimene chimamangidwa pa habu ndi muyeso wa galimoto yanu, ndipo icho chimakhala ndi masitadi akeake (zitsulo za mazinga zomangirapo manati) a muyeso wofala. Ndi njira imene imakopa anthu ambiri, chifukwa ikangoikidwa, marimu onse a pa msika amakhala anu.

Mtengo wa maadaputala anayi abwino ndi wotsika poyerekeza ndi marimu anayi oitanitsa, koma muwonjezerepo marimu amene mudzagule, ndiponso maberingi amene mudzasinthe msanga kuposa kale. Mukaphatikiza zonse, kusiyana kwake sikukhala kwakukulu monga kumaonekera tsiku loyamba.

Kupezeka kwake kuno n'kovuta, ndipo abwino ndi oitanitsa. Alipo amisiri amene angakusemereni pa makina, koma funso ndi mtundu wa chitsulo chimene agwiritse ntchito ndiponso ngati mabowo adzakhaledi pakatikati. Adaputala yoyenera imakhala ndendende pa mlomo wa habu, ndipo nayo imakhala ndi mlomo wake wolandirira rimu. Yopanda milomo imeneyi imasiya wilo likudalira manati okha kuti likhale pakati.

Chisamaliro chake ndi chimene anthu sachiwerengera. Wilo lililonse limakhala ndi manati owirikiza kawiri, ndipo theka lake limabisika kuseri kwa rimu, moti simungawayese osachotsa wilo. Amafunika kumangidwa ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, pa mphamvu imene opanga ananena, osati kudumphira pa sipanala yolumikiza ndi paipi monga timaonera m'mbali mwa msewu, ndipo amayenera kuyesedwanso mukayenda makilomita 50 mpaka 100. Ulendo umodzi wochoka ku Limbe kufika pa Chitakale wakwana kale pa muyeso umenewo. Kwathu kuno kuli mvula yambiri ndi chiperoni, ndipo aluminiyamu ikakhudzana ndi chitsulo pa chinyontho pamamera dzimbiri loyera limene limalepheretsa zitsulo ziwirizo kugonana bwino. Nkhope ya habu iyenera kupalidwa ndi burashi ya waya nthawi iliyonse adaputala ikachotsedwa.

Zoopsa zake zimachokera pa kunenepa kwake. Adaputala yosintha muyeso imakhala yokhuthala mamilimita 20 kapena 25, nthawi zina kuposa pamenepo, ndipo imakankhira wilo kunja ndi muyeso womwewo. Rimu ya ET45 pa adaputala ya mamilimita 25 imakhala ngati ya ET20. Zotsatira zake n'zakuti beringi imasenza katundu mopendekeka, chiwongolero chimamva dzenje lililonse, tayala limatha kukhula madigadi galimoto ikadzaza, ndipo matope ofiira a ku Thyolo amathira m'mbali monse mwa galimoto. Vutoli limachepa mukasankha rimu ya offset yokwera kuti ibweze zimene adaputala yatulutsa. Chinanso, masitadi a galimoto akatalika kuposa adaputala, nsonga zake zimagunda kumbuyo kwa rimu, ndipo rimuyo imaoneka ngati yakhala pamene siinagone. Maadaputala osintha chiwerengero cha mabowo, monga kuchoka pa 4 kupita pa 5, amakhala a zigawo ziwiri ndipo ndi okhuthala koposa. Amenewo ine sindingawaike pa galimoto yotsika mitsetse ya ku Thekerani. Musanatsate njira imeneyi, funsani kampani yanu ya inshuwalansi ndi a Road Traffic amene amapereka COF, kuti musadzamve maganizo awo ngozi itachitika kale.

Njira yachisanu: mabawuti osuntha

Pa Chingerezi amawatcha wobble bolts. Ali ndi kakhosi kosuntha kamene kamalola kusiyana kwa mamilimita pafupifupi 2, ndiye amalola rimu ya 4x100 kukhala pa Fiat ya 4x98, kapena ya 5x114.3 pa galimoto ya 5x112. Ndi otsika mtengo kuposa njira zina zonse, ndi opepuka kutumiza, koma m'masitolo a kuno ndi osowa. Amafuna rimu ya mipando yosongoka (mpando ndi pamene mutu wa bawuti umakhala) ndi kamkombero kokwana bwino, popeza ndi kamkomberoko kamene kamaika wilo pakati. Choopsa chake chachikulu ndi munthu wosawadziwa: wokonza matayala akataya limodzi n'kuikapo bawuti wamba, bawutiyo imalowa mopendekeka. Kusiyana kukapyola kwa miyeso yoyandikana chonchi alibe ntchito, ndipo pa pikapu yonyamula katundu sindingawalimbikitse.

Njira yachisanu ndi chimodzi: kuboola mabowo atsopano kapena kukuza akale

Njira imeneyi ili pawiri, ndipo mbali zake ziwiri n'zosiyana ngati usana ndi usiku. Kuli mashopu a makina kunja kuno amene amatseka mabowo akale ndi zitsulo zokwana bwino kapena kuboola atsopano pakati pa akale, pogwiritsa ntchito makina oyeza molondola, ndipo ntchito yotere ikachitika pa rimu ya mnofu wokwanira kumbuyo imatha kukhala yolimba. Mtengo wake ndi wapakati, koma mashopu odziwadi ntchitoyi ndi ochepa, ndipo rimu yambiri ya aluminiyamu ili ndi maenje kumbuyo pomwe bowo latsopano likanagwera. Ikasweka imodzi, muyenera kugula ina ndi kukaiboolanso.

Mbali inayo ndi imene timaiona tsiku ndi tsiku. Tsiku lina ndikudikira kuti andimatire tayala pa galaja ina pa Luchenza, ndinaona mnyamata atakhala pa chitini, rimu ili pakati pa miyendo, akukuza mabowo ake ndi tupa yobulungira. Mwini galimoto, bambo wachikulire wa Mercedes-Benz yakale, anafunsa ngati zimenezo sizidzavuta. Mnyamatayo, osadzutsa n'komwe mutu, anati, "Madala, musadandaule, kasiyanidwe kake n'kochepa, tikamanga mwamphamvu zigwira." Zoonadi kusiyana kwa 5x112 ndi 5x114.3 ndi milimita imodzi ndi pang'ono pa bowo lililonse, ndipo rimuyo inalowa. Koma mphamvu yogwira wilo imachokera pa mutu wa bawuti kukhala mokwanira pa mpando wake, ndipo tupa imawononga mpando womwewo. Bawuti imene yagwira mbali imodzi imapindika pang'ono pomangidwa, imagwedezeka wilo likamazungulira, kenako imakhwefuka kapena kuthyoka, ndipo imodzi ikapita zinzake zimatsatira. Njira iyi ndi yotsika mtengo, imapezeka paliponse, palibe chisamaliro chimene chingaikonze, ndipo choopsa chake ndi wilo kuchoka galimoto ikuyenda. Kukakamiza rimu ya muyeso woyandikira popanda n'kukuza komwe kuli ndi mathero omwewo.

Njira yachisanu ndi chiwiri: marimu achitsulo, kapena kukonza amene muli nawo

Anthu amawanyoza chifukwa cha maonekedwe, koma pa mtengo ndi otsika kuposa a aluminiyamu, atsopano kapena akale. Kwa Defender, Land Cruiser, Jimny ndi Navara amapezeka, chifukwa zambiri mwa galimoto zimenezi zinatuluka m'fakitale ndi marimu achitsulo, ndipo ngakhale zija za marimu owala nthawi zambiri sipeya yake imakhala yachitsulo. Kusonkhanitsa masipeya anayi a galimoto za mtundu wanu ndi njira imene ambiri saiganizira. Chisamaliro chake ndi penti ndi kuchotsa dzimbiri m'mphepete momwe tayala limagwira, chifukwa dzimbiri la pamenepo ndi limene limaphwetsa tayala pang'onopang'ono. Ubwino wake waukulu ndi wakuti chitsulo chimapindika m'malo mosweka, ndipo mlomo wopindika pang'ono ungawongoledwe pa galaja ya kumudzi kuti mufike kunyumba. Zoopsa zake n'zochepa, kupatula kulemera ndi kuonetsetsa kuti manati ndi oyenera chitsulo.

Pa kukonza, rimu ya aluminiyamu yopindika pang'ono m'mphepete ingawongoledwe pa makina ku Blantyre. Mng'alu waung'ono wa m'mphepete mwa mkati ena amauwotcherera, ndipo rimu yotero ndi bwino kuisandutsa sipeya. Mng'alu wa pa mwendo wa rimu kapena pafupi ndi mabowo a manati ndiye kuti rimuyo yatha ntchito. Palinso ena amene amasintha mahabu onse kuti galimoto itenge muyeso wofala, koma zimenezo zimakoka madisiki, mabuleki ndi masensa a ABS, ndipo zimangomveka pamene pali mtundu wina wa galimoto yomweyo umene unatuluka ndi mahabu amenewo.

Njira iti kwa yani

Ngati mwaphwanya rimu imodzi ndipo galimoto ndi imene imakudyetsani, funani ya fakitale yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo podikira yendani ndi sipeya mosathamanga. Ngati pikapu yanu imanyamula katundu m'misewu ya fumbi ya m'maesiteti, ku Thekerani kapena chakumusi kwa phiri la Mulanje, sankhani marimu achitsulo a muyeso weniweni, asanu ofanana, pa kukula kumene galimotoyo inabwera nako, ndipo maadaputala ndi mabawuti osuntha muwasiye.

Mwini Amarok, Navara kapena Land Cruiser amene amayenda kwambiri pa phula la pakati pa Mulanje ndi Blantyre, ndipo akufuna maonekedwe atsopano, aitanitse ku South Africa marimu a muyeso weniweni okhala ndi nambala ya kulemera yokwanira pikapu. Mwini Mercedes-Benz, Audi kapena Volkswagen ayambe wafufuza marimu a fakitale a 5x112 m'tauni, chifukwa galimoto zimenezi zachulukako, ndipo aonetsetse bowo la pakati, kutalika kwa mabawuti ndi mutu wake. Mwini galimoto yaing'ono ya 4x114.3 kapena 4x108 angapeze mpumulo pa marimu a mabowo 8, pamene mwini Fiat yopepuka ya 4x98 yoyenda m'tauni angagwiritse ntchito mabawuti osuntha, malinga akhale ndi ena osungira m'galimoto ndipo aziimirira pomwepo tayala likamasinthidwa.

Maadaputala ndi a munthu amene galimoto yake ndi yakale kwambiri moti marimu ake anasowa ngakhale kunja, monga Peugeot 504 ya 4x140, amene sanyamula katundu wolemera, ndipo ali ndi torque wrench yakeyake komanso chizolowezi chochotsa mawilo n'kuyesa manati a mkati. Amene akuganiza zogula galimoto yachilendo, kaya pa okushoni ya pa esiteti kapena yochokera ku Durban, agwade kaye pansi, awerenge mabowo, ayang'ane ngati sipeya ilipo ndipo ndi ya muyeso womwewo, kenako aimbire ogulitsa awiri kapena atatu a ku Limbe kufunsa ngati rimu yotero ali nayo, asanayambe kukambirana mtengo wa galimotoyo.